Kawayalesi ndi Liwombo la Nelia

Lolemba, m'mawa

Nelia wadzuka bwino. Wayamwa, waseka, wandikoka tsitsi. Ndamugwira pa liwombo, pakugunda monga masiku onse. Zikomo Ambuye.

Ndilemba msanga aSakala asanabwerere, chifukwa amuna angawa tsiku lililonse amaiwala kanthu. Womuuza ndilibe. Amayi ali ku Katete, ndipo bamake Juniya a khomo linalo ukawauza chinthu m'mawa, masana chafika kale kumpopi.

Nkhani ndi iyi. Chipinda chathu nchimodzi. Muli bedi, mbaula, ndowa, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo manje mwalowa kompyuta. Yakale, yotupa kumbuyo, yakhala pa tebulo langa. Ndi ya aMwanza, eni kafe ya intaneti ya kumsewu, kumene aSakala amakonza makina.

Ikanakhala kompyuta yokha sindikanadandaula. Koma ailumikiza ndi kanthu konga chala, ati kawayalesi. Si wailesi yomvera za maliro ayi. Aka ntchito yake nkukoka intaneti ya ku kafe kubwera nayo muno popanda nthambo. Kumutu kwake kuli kalaiti. Kalaitiko kakayaka ndiye kuti kayamba kukoka.

Sikanayake. Mulungu ndi wabwino.

aSakala akuti makompyuta a aMwanza amayendera pulogalamu yaulere, dzina lake sinditha kulemba, yopangidwa ndi anthu a maiko ambiri amene sanaonanepo nkhope. Aliyense atha kuitsegula m'kati nkukonza pamene paperewera. Manje tiwayalesi totchipa timene aMwanza anagula ku Kamwala, pulogalamuyo siitidziwa. Pafunika munthu woti aziphunzitse ziwirizi kumvana, akatha atumize ntchitoyo kwa oyang'anira, kuti wina aliyense wogula kotere asadzavutike. Munthu ameneyo ati ndi iwo. Nkoyamba kuchita zotere.

Ndafunsa kuti alipira ndani. Ati palibe, zili monga kukumba manda, sulipidwa koma tsiku lako ena adzakukumbira. Chitsanzo chanji chimenecho m'nyumba ya mwana wakhanda?

Dzulo anali kudzitama panja kuti netiweki imeneyi imapyola khoma la buloko, chimene chimaivuta ndi malata okha. Bamake Juniya anangoti: "Ngati vipita mu buloko, nanga pamutu pa mwana pamene palibe na fupa?"

Kuchokera pamenepo chakudya sichitsika. Liwombo la Nelia ndi kachikopa chabe, ukaika chala umamva moyo wake wonse. Ndawafunsa aSakala, aseka mpaka kutsokomola. Ati mantha a ku Katete.

Chabwino. Pofika Lamulungu kanthu aka katuluke muno. Njira zanga:
- kukabisa
- kukamiza m'ndowa (ayi, ndi ka eni)
- kuitana amayi a kutchalitchi adzapempherepo (amabwera ambiri, makapu saakwana)
- kulira

Ndiyamba ndi kubisa.

Lolemba, madzulo

Kali m'thumba la malasha. aSakala afika, afuna pa tebulo, pansi pa tebulo, m'nsapato. Ine ndingodula repu.

Kenaka agwada, akoka katoni pansi pa bedi. Atsegula. Yodzaza tiwayalesi! Tonse tofanana ngati kapenta. Masiku onsewa ndagona pamwamba pa chisa chake osadziwa.

Atenga kena, abaya. Ati mwina kaja kagwera penapake, musadandaule bamake Nelia. Andiuza ine kuti ndisadandaule.

Chosangalatsa nchakuti nakonso sikanayake. Atapita kukasamba ndatulutsa ka m'malasha, ndakapukuta, ndakabweza m'katoni. Kada pang'ono, koma pakati pa anzake sikaoneka.

Lachiwiri, m'mawa

Nelia ali bwino. Liwombo lili bwino.

Lero ndamva kuti aSakala ali ndi mphunzitsi. Mzungu wina wa ku dziko lachisanu, amene amayang'anira mbali ya mawayalesi m'pulogalamu muja. Amalemberana pa kompyuta ya ku kafe. Sanamuonepo, zaka zake sadziwa, koma amamutcha bamudala. Bamudala bakamba, bamudala bayankha, bamudala bakana. Atate anga enieni sawatchula chotere.

Bamudalawo awauza kuti woyamba kumene asathamangire zazikulu. Ati kathu m'kati kali ndi mtima wofanana ndi wa kena kamene pulogalamu ikadziwa kale, chosiyana ndi manambala chabe. Aonjeze manambala a kathu, amange pulogalamu yonse mwatsopano, aone ngati kadzuka. Kumangako pa kompyuta yokalamba iyi kutenga tsiku lonse monga nyemba za chaka chatha. aSakala akuti ikuphika. Zilembo zoyera zingothamanga pa galasi lakuda, zina zikwera, zina zibwera.

Potuluka andiuza: "Musagwileko, musazimye, musafake ayiloni."

Soketi muno ndi imodzi.

Ndaika ayironi.

Lachiwiri, masana

Zosita ndilibe, ndasita matewera. Nelia lero avala matewera osita ngati mwana wa ku mayadi.

Kompyuta ili zii. Chipinda chakhala monga kale, ndamva mpaka njala.

Koma ndiwauza chiyani? Ndinaganiza zonena kuti malaiti anapita. Manje bamake Juniya kuyambira m'mawa atsegula rumba mpaka khoma likunjenjemera, komboni yathu yonse ya Kanyama ndi mboni kuti malaiti alipo. Bodza langa lafa lisanabadwe.

Lachiwiri, dzuwa litapendeka

Rumba yaduka pakati! Panja ndimva bamake Juniya: "Bayenda nayo futi aba!" Malaiti apitadi, komboni yonse. Chibwerere mu Lusaka sindinakondwereko ndi mdima monga lero. Ndabweza pulagi ya kompyuta, ayironi ndaibisa kuti izizire.

Lachiwiri, madzulo

aSakala atukwana a malaiti, makolo awo ndi mapolo awo. Ine ndithandizako pang'ono kuti zioneke.

Malaiti atabwera ayambitsanso kuphika kuchokera poyamba. Ati palibe kanthu, iphika usiku wonse, ikazima ayambanso, ikazimanso ayambanso, kompyuta siibwerera kwa aMwanza ntchito isanathe.

Apa ndiye ndaona kupusa kwanga. Ndazima kuti kachoke, koma kuzima nkukaonjezera masiku. Ayironi ndaisiya.

Lachitatu, m'mawa

Kayaka.

Kayaka! Kalaiti kobiriwira, kakuphethira ngati diso la nalimata. aSakala avina ndi kabudula wogonera, aitana anthu a panja adzaone. Anthu aona kalaiti, afunsa kuti ndiye chiyani, abwerera ku ntchito zawo. Kenaka aSakala anyamula Nelia, ati aone ntchito ya atate ake, nkumuyandikiza mutu pomwepo. Ndamulanda ngati kabawi. Ndamuveka chisoti chaubweya, pamwamba china. Kunja kukutentha, mwana ali thukuta kamukamu, koma avale.

Ndafunsa ngati basi yatha, kapite. Ati ayi. Bamudala sakhulupirira kuyaka kwa m'mawa umodzi. Kakhale kakukoka tsiku lonse, tione ngati sikafa panjira. Akaika pawindo ndi kanthambo kafupi, kuyang'ana kumsewu. Windolo lili kumutu kwa bedi.

Zimene ndachita atachoka:
- ndatembenuza bedi, kumutu kwapita kukhomo
- ndatuluka ndi mwana, koma mvula yatibweza
- ndakhala pakona, mwana kumbuyo, ine kutsogolo, kuti netiweki ikabwera iyambe ine

Ndili pakonapo ndakumbuka mawu a aSakala omwe. Malata ndiwo amaivuta. Chitini cha mkaka waufa chimene ndimasungiramo mabatani si lata nanga?

Mabatani ndathira m'mbale. Kawayalesi ndakaveka kasokosi ka Nelia kuti kasakandike, ndi ka eni. Kenaka chitini, vindikiro, kanthambo kokha katulukira pambali. Sindinazime kanthu, sindinachotse pulagi. Ntchito ipite, mwana akhale.

Ndapuma. Ndadya. Tagona masana tonse awiri, tulo tokoma ngati ta kumudzi.

Lachitatu, madzulo

Ndamva kutsokomola kwa aSakala pa kona, ndavundukula msanga. Kawayalesi katentha ngati mbatata yootcha. Kaphethira, kaphethira, kayakanso bwinobwino. Mabatani abwerera m'chitini.

Chimene sindinadziwe nchakuti kompyuta ndi kazitape. Imadzilembera yokha zonse zochitika. aSakala akhala pansi, awerenga, ati kanafa m'mawa iwo atangotuluka, kadzukanso madzulo ali pafupi kufika.

Ndati basi, andibweza kwa amayi, Katete ndamuona.

Ayang'ana galasi, ayang'ana denga, akanda mutu. "Ni zuba," atero. Ati masana malata a denga amatentha, ndiye kamakomoka. Andifunsa ngati ndinakagwirako, kanali kotentha? Ndati inde, kotentha kwambiri. Sindinaname.

Akondwa! Ati ichi nchinthu chachikulu, apeza matenda amene bamudala sawadziwa. Atumiza zonse zimene kompyuta yalemba.

Nelia wadya phala lonse. Lero tapulumuka tonse awiri.

Lachinayi, m'mawa

Bamudala ayankha. Sakumvetsa. Ati mtima wa kawayalesi kotere sumafa ndi dzuwa, ndipo zolembazo zionetsa ngati kafe ya aMwanza imanyamuka m'mawa nkupita kutali, madzulo nkubwerera. Aitana anzawo. Wina wa ku Brazil ali ndi kofanana, ati kwawo nakonso kumatentha koma kake sikafa. Wina wa ku India ati ayike kompyuta ilembe zambiri kuposa dzulo. Atumiza mizere ina yoti aSakala aonjezere.

aSakala chifuwa chatuluka. Ati Kanyama yamveka kunja. Ameta ndevu, ngati azunguwo awaona.

Ndafunsa mwaulemu kuti kufufuza kotere kumatenga masiku angati. Ati bamudala akuti matenda obisala atha kutenga masabata, mwina miyezi, ndipo ntchito siilandiridwa asanapezeke.

Miyezi.

Manje ndili pati?
- ndikasiya chitini, netiweki ilowa m'mutu mwa mwana
- ndikaika chitini, azungu apitiriza kufuna matenda, kanthu sikachoka
- ndikaulula, aSakala achita manyazi pamaso pa Brazil ndi India

Ndaganiza mpaka mutu wapweteka. Brazil ali ndi amake. Ndaika chitini.

Lachinayi, masana

Mvula siikuleka. Njira ya kumpopi yasanduka dambo, kuyambira Lolemba nditunga pa kachitsime ka kuseri kwa a landilodi. Anthu akuyenda pa mabuloko, wina wagwa ndi thireyi ya mazira, komboni yonse yaseka kupatula iye.

Nelia watsegula m'mimba. Pang'ono. Bamake Juniya akuti ndi mano. Ndayang'ana m'kamwa, palibe kanthu.

Matewera osita aja atha onse.

Lachinayi, madzulo

Kompyuta yanenanso zomwezo, kufa m'mawa, kudzuka madzulo. aSakala akuti wa ku India akuganiza kuti pali galimoto yaikulu imene imaima pakati pa ife ndi kafe masana. Atuluka mvula ili pamutu kukayang'ana galimoto. Mu Kanyama mwezi uno galimoto ipita pati? Ngakhale wilibala ikusambira.

Ndikanaseka, koma Nelia sakuseka. Wakana phala. Ayamwa pang'ono nkusiya. Akakhala pakhomo atate ake kalaiti kamakhala poyera, m'mawa ndi madzulo, chitini sindingaike iwo akuona. Ndiye kaya netiweki ikumulowa nthawi imeneyo.

Ndawapempha kuti lero azime. Ayang'ana mwana, azima osatsutsa. Ati mailo akapanda kusintha tipite ku kiliniki.

Lachisanu, m'mawa

Kutacha anaoneka ngati wachitako bwino. aSakala ayatsa kompyuta, apita ku kafe, ati ndikaona china ndiwapeje pa foni. Ndaika chitini. Ndabwera kudzamusintha thewera, ndachotsa chisoti.

Liwombo lalowa.

Lalowa m'kati ngati pamene wadina chala pa mtanda wa vitumbuwa. Maso alowa. Alira koma misozi palibe.

Chitini chachedwa. Netiweki yalowa kale.

Bamake Juniya abwera, aona, ati ni chapamutu ichi, pali amayi ena kuseri kwa msika amene amamata mankhwala pamutu. Ndaima pakhomo, msika uku, kiliniki uku. Amayi anga akanati chiyani sindidziwa. Ndati mankhwala a chapamutu anapangidwa kusanabwere makompyuta, za makina akadziwe ndi a makina. Ndipita ku kiliniki. Bamake Juniya apeje aSakala pa foni yawo.

Ambuye, ndisungireni uyu. Kompyuta mutenge.

Lachisanu, madzulo

Tabwera. Tonse atatu. Nelia wagona, akupuma bwino, wakodza. Sindinadziwe kuti munthu angathokoze Mulungu chifukwa cha thewera lonyowa.

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Madzi a m'njira afika m'mawondo. Ku kiliniki mzere wautali, koma basisita ena aafupi, a magalasi, atangoona nkhope ya mwana anditenga kutsogolo. Atsina khungu la pamimba, ayang'ana m'kamwa, agwira pamutu. Andikhazika pa benchi ndi kapu ya madzi a moyo, aja a mchere ndi shuga, ndi kasupuni, ati pang'onopang'ono, ndi bere osaleka.

Ine ndayamba kuulula. Kompyuta, kawayalesi, buloko, fupa, zonse. Ndati basisita, m'mutu mwa mwana wanga mwalowa netiweki, muli ndi chochotsera?

Sanaseke. Anangotsitsa magalasi. Andifunsa kumene nditunga madzi. Ndanena. Andifunsa ngati ndimawiritsa a mwana. Ndati masiku ena, sabata ino mutu wanga unali kwina.

"Mami," atero, "yang'anani pa benchi apa."

Ndayang'ana. Amayi mbali iyi, amayi mbali iyo, aliyense kapu m'manja, mwana pamwendo, maso olowa, liwombo lolowa ngati la wanga.

"Nindani apa ali na kompyuta ku nyumba?"

Palibe wakweza dzanja. Mayi wina ati kwawo ngakhale malaiti kulibe. Wina ati wailesi anagulitsa amuna ake.

Basisita ati liwombo limalowa thupi likatha madzi, ndipo chimene chalowa mwa Nelia chalowera kukamwa, kuchokera pa chitsime, osati pamutu. Atulutsa foni m'thumba la pachifuwa, ati iyi nayo ndi wayalesi, imakhala pamenepa tsiku lonse, ana awo ali ku sukulu ndipo vuto lawo ndi ulesi basi.

Ndalira. Osati kulira kwa m'mawa kuja, kwina. Sabata yonse ndatchinga kumwamba, mdani ali m'ndowa.

Ndili m'kati molira, aSakala alowa, buluku lonyowa mpaka m'chiuno, akupuma ngati athamangitsidwa. Anayamba athamangira kunyumba, sanatipeze. Agwada, agwira mwana, afunsa basisita mafunso ambiri. Atamva kuti achira, akhala pansi pa simenti pomwepo.

Pamenepo mpamene ndaona. M'thumba la shati yawo mukusuzumira kasokosi ka Nelia, kapinki.

Ndayang'ana kasokosi. Iwo ayang'ana ine. Atenga kapu m'manja mwanga, ati nipaseni. Amumwetsa okha mpaka kapu yatha, ina yatha. Za kasokosi sananene kanthu, njira yonse yobwerera mwana ali paphewa pawo.

Chitini ndachipeza pa tebulo, chotsegula, mabatani ali m'mbale. Madzi ali pa mbaula, ndawiritsa mpaka poto adandaule.

Loweruka, m'mawa

Liwombo labwerera! Osati lonse, koma likukwera. Wayamwa mabere onse awiri, wandiluma ndi nkhama, wamenya atate ake pamphuno. Mwana wanga wabwera.

aSakala sanapite ku kafe. Atunga okha madzi kumpopi, kudutsa dambo lija, zigubu ziwiri. Atakhala pansi ndi tiyi ndiye ayamba.

"Bamake Nelia, muziba kuti bantu ba maiko yatatu sibanagone chifukwa cha chitini chanu?"

Ndati nanga ine ndinagona? Ndinakufunsani Lolemba, munaseka mpaka kutsokomola. Mukanandiuza monga anandiuzira basisita, mabatani anga sakanachoka m'chitini.

Aika kapu pansi. Kenaka ati nzoona. Kenaka ayamba kuseka, ati anapita kukafuna galimoto m'mvula. Inenso ndaseka. Bamake Juniya agogoda khoma kufunsa ngati kuli bwino.

Manje vuto ndi lowauza azungu. Ndati alembe kuti anali mphaka. Ati mphaka wanji woveka kawayalesi sokosi nkutseka vindikiro? Ndati alembe kuti mwana. Ati mwana wa miyezi isanu ndi iwiri? Alemba, afufuta, alemba, afufuta. Pomaliza alemba zoona: kuti akazi awo anaopa za mutu wa mwana, anakatsekera m'chitini, mwana anadwaladi koma ndi madzi, pepani nonse. Ndati dzina langa lisapite kunja. Ati silinapite.

Lero chitini palibe. Kakhala pawindo poyera. Ine ndi Nelia takhala panja pa mphasa, dzuwa latuluka. Basisita ndawamva, koma kukhala panja sikulakwa.

Loweruka, masana

Ayankha. aSakala andimasulira mzere ndi mzere.

Bamudala ayamba nkufunsa kuti mwana ali bwanji. Zimenezo sindinayembekeze. Kenaka ati palibe chopepesa, aliyense woyamba ntchito iyi amakhala ndi chitini chake, ndipo ulendo wina asanalembe za matenda ayambe ayang'ana kawayalesiko ndi maso masana. Wa ku Brazil watumiza kuseka kokhakokha, mzere wonse. Wa ku India ati anali atayamba kale kulemba njira yothana ndi galimoto.

Kalaiti sikanazime kuyambira m'mawa. Bamudala ati tumizani ntchito.

Atumiza. Avala shati yoyera potumiza.

Loweruka, madzulo

Yabwezedwa!

Osati kuti ndi yolakwika. Ati mpata wa kumayambiriro kwa mzere sunaikidwe monga amaikira iwo, manambala aikidwa pansi m'malo moikidwa pakati pa anzake motsatana, ndipo pamapeto aSakala aiwala kulemba dzina lawo lovomereza kuti ntchitoyo ndi yawo ndipo aipereka mwaufulu. Ndinanena kuti bamboyu amaiwala kanthu tsiku lililonse.

Akwiya. Ati munthu ugwira ntchito yaulere nkukubweza chifukwa cha mpata. Ndati aphunzitsi athu a Giredi 5 analinso chimodzimodzi, samu yokhoza koma ukapanda kujambula mzere pansi, bwerera. Akonza, atumizanso. Shati yoyera avula.

Nelia wadya phala theka. M'mimba mwaima.

Lamulungu

Tapita ku tchalitchi tonse. Nelia walira nthawi ya ulaliki, mokweza, ndi misozi yeniyeni. Amayi a kumbuyo andiyang'ana kuti ndituluke naye. Sindinatuluke. Alire, amve onse.

Pobwera tapeza yankho. Yalandiridwa. aSakala awerenga, awerenganso, atuluka panja, abwera, awerenganso. Ati kuyambira manje munthu aliyense padziko akagula kawayalesi ka mtundu uwu nkubaya pa pulogalamu ija, kadzayaka kokha, ndipo dzina lawo lili m'kati mwakemo.

Ndati ndionetseni ntchitoyo.

Aloza ndi chala. Mzere umodzi. Manambala ndi tizilembo, kutalika kwake sikufika ndi chala changa chapakati. Ndafunsa kuti ina ili kuti. Ati ndi yomweyi.

Malasha, ayironi, chitini, Brazil, mvula, zonse zija. Mzere umodzi. Ndati zikomo, mwagwira ntchito. Nkhope yawo inali ngati ya mwana wopambana mayeso, sindikanatha kunena china.

Ndiye ndafunsa funso langa. Lero ndi Lamulungu, ntchito yatha, kompyuta ibwerera liti kwa aMwanza?

Akanda mutu. Ndikaona akukanda mutu ndimadziwa.

Ati bamudala afunsa ngati kuno kumapezeka mitundu ina ya tiwayalesi totchipa, imene kwawo siifika. Ndipo aMwanza ali ndi katoni ina. Ya mtundu wina. Imeneyo mtima wake palibe akuudziwa, si ya mzere umodzi, ndi ya miyezi. Komanso pafunika munthu wokhala pakhomo masana woti aziona kalaiti ndi maso, chifukwa bamudala akuti kompyuta siinena zonse.

Munthu wokhala pakhomo masana muno ndi mmodzi.

Ndati chabwino, koma kumutu kwa bedi ayi. Basisita ndawakhulupirira, madzi ndiwiritsa, koma mtima wa mayi suphunzira tsiku limodzi. Ati zimenezo aganizira kale, m'chikwama ali ndi nthambo yaitali, kakwera padenga, kumeneko nkumenenso kamakoka bwino. Kangofunika botolo lokatchinga mvula ndi chinthu chawaya kumbuyo kwake chosonkhanitsa netiweki. Akulankhula, maso awo akuyendayenda pa khoma langa la ziwiya.

Atenga sefa.

Manje ali pamwamba, ndimva mapazi pa malata. Bamake Juniya aima pabwalo manja m'chiuno, ati apa ndiye vizagwela tonse, ndipo afunsa ngati sangakalozetse kwa a landilodi.

Nelia wagona chagada, mutu poyera, liwombo likugunda pang'onopang'ono. Ndinati pofika Lamulungu kanthu katuluke m'nyumba. Katuluka. Kali pamwamba pathu, mu sefa yanga, ndipo mlonda wake ndine.

Ufa wa phala mawa ndisefa ndi chiyani, kaya.